Ndinapita kukadzudzula mwana, njinga inadzudzula ine

Mlongo wanga anafika kunyumba kwathu, kufupi ndi Migowi, dzuwa la Lachinayi litapendeka. Sanadikire kuti ana amuyalire mphasa. Anangokhala pakhonde n'kuyamba kudandaula moni ali mkamwa.

"Achimwene, mwana wanu uja watayika. Miyezi iwiri tsopano osatumiza kalikonse. Anzake akuti ndalama zonse zikuthera ku njinga, akuti amachita mjaha. Kaya kutchalitchi akupitabe, ine kaya."

Mwana ankanenayo ndi wake woyamba, mnyamata wa zaka 26 amene anapita ku Johannesburg zaka 4 zapitazo. Asananyamuke anali wakabaza pa Migowi, wodziwika ndi kunyamula matumba awiri a nandolo pa keliyala osatsika pachitunda. Ndalama zimene ankatumiza kuchokera ku Joni ndi zimene zinkalipirira alongo ake awiri kusekondale, ndiponso ndi zimene zinadzutsa khoma la nyumba ya mayi ake namondwe wa Freddy atagwetsa mu Malichi 2023.

Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo wako akasochera, anthu safunsa bambo ake, amafunsa iwe. Ndinagulitsa mpendadzuwa, abale anasonkha pang'ono, ndipo ndinakwera basi pa Wenela kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. M'thumba ndinatenga Baibulo ndi mawu amene ndinakonza kukamuuza. Mawuwo anali akuthwa, ndipo ndinawanola njira yonse.

Ife ndi njinga

Munthu wa ku Phalombe sauzidwa za njinga. Chigwa chathu n'chathyathyathya kuchokera m'munsi mwa phiri la Michesi mpaka ku nyanja ya Chilwa, ndipo njinga ndiyo galimoto yathu, ngolo yathu ndi ambulasi yathu. Amayi amapalasa atabereka mwana, chimanga chili kumbuyo, ulendo wakuchigayo. Anyamata amalawirira kunyanja kukatenga matemba n'kufika nawo pamsika wa Chiringa dzuwa lisanakwere. Alaliki ogulitsa mabuku ndi akulu a mpingo akhala akufika m'midzi ya kwa Nazombe, kwa Mkhumba ndi kwa Kaduya pa njinga yakapalasa kuyambira kalekale.

Inenso ndinakulira pachishalo. Njinga ya bambo anga inali Humber yakuda, ndipo ndinaphunzira kupalasa mwendo uli pansi pa felemu chifukwa sindinkafikira. Kwa zaka zoposa 20 ndinkapalasa tsiku lililonse kupatula pa Sabata. Kenako zinthu zitayamba kuyendako ndinagula njinga yamoto. Yakapalasa ija ndinaikoleka m'nyumba yosungira makasu, matayala n'kuphwa, tcheni n'kuchita dzimbiri. Mimba inatuluka, lamba anasuntha zibowo ziwiri, ndipo anthu ankanditamanda kuti a mkulu wa mpingo akudya bwino.

Chaka chathachi kuchipatala anandiyeza n'kupeza kuti BP yanga ili pa 158/98. Anandipatsa mankhwala ndi malangizo. Mankhwalawo ndinkamwa, malangizowo ndinawasiya pampando wa chipatala pomwepo. Pa Sabata la zaumoyo ndinkaimabe kutsogolo kuphunzitsa abale za madzi, mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, kupuma ndi masewera olimbitsa thupi. Ndinkanena zonsezo mokhetsa mtima pansi, n'kutuluka kukaliza njinga yamoto ulendo wa kunyumba, mtunda umene mwana wa sitandade 3 amayenda pansi.

Zimene ndinakapeza

Ndinafika pa Park Station Lachisanu m'mawa. Mnyamata anabwera kudzanditenga, ndipo chimene ndinayamba kuona n'chakuti anali wowala nkhope, wosalala khungu, miyendo ngati mitsi ya mtondo. Sankaoneka ngati munthu wotayika. Dzuwa lisanalowe anali atachapa, atasita ndi kuphika nyemba ndi mpunga za mawa lake. Tinatsegula Sabata awiriwiri m'kachipinda kake kum'mwera kwa mzindawo. M'mawa mwake ananditengera kutchalitchi kumene kumasonkhana Amalawi, Azimbabwe ndi eni dziko, ndipo akulu a mpingo ankamudziwa bwino. Theka la mawu anga akuthwa aja linabunthira pomwepo.

Theka linalo ndinalitulutsa Sabata litatha.

"Iwe, mayi ako akulira kumudzi. Ndalama zikupita kuti?"

Anawerama. "Amalume, ndinalakwa. Ndinagula nsapato za njinga, chipewa chodzitetezera kumutu, n'kulipira umembala wa kalabu. Ndinkati ndibweza mwezi wotsatira, koma lendi inakwera. Kuwauza mayi ndinachita manyazi."

Anafotokoza kuti bwana amene amamusamalira maluwa ndi wokonda njinga. Ataona kuti mnyamatayu amabwera kuntchito pa njinga yotopa koma osachedwa ngakhale tsiku limodzi, anamubwereka njinga yake yakale ya mjaha n'kupita naye ku bwalo lotchedwa velodrome.

"Mawa tikapite mukaone nokha, amalume. Mukakaona kuti n'zoipa, ndisiya."

Bwalo longa nsengwa

Bwalo analowa nane ndi la Hector Norris Park, kufupi ndi Turffontein. Yerekezani nsengwa yaikulu yotalika mbali ziwiri. Pakati pake m'pathyathyathya, koma msewu wozungulira m'mbali mwake ndi wopendekera m'kati, ndipo pamakona awiri aja umakwera ngati denga la nyumba. Kumeneko ndiye kumene njinga zimathamanga, zonse kulowera kumodzi, kumakhotera kumanzere kokhakokha. Kulibe galimoto, kulibe mbuzi yodumpha msewu, kulibe dzenje.

Bwalo limeneli ndi lasimenti, lopanda denga, ndipo ndi lalitali kuposa mabwalo a masewera a Olympic. A Olympic masiku ano amakhala mamita 250 kuzungulira kamodzi, kutanthauza kuti ukazungulira kanayi watha kilomita. Amawamanga m'nyumba, pansi pake amayala matabwa, ndipo makona ake amapendekera madigiri oposa 40, moti munthu woyenda pansi sangakwerepo osakwawa. Ku South Africa kuli mabwalo enanso, monga la Bellville ku Cape Town, limene lili ndi denga, ndi la Cyril Geoghegan ku Durban. La ku Cairo, m'dziko la Egypt, linachititsa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi mu 2021. Kwathu ku Malawi kulibe bwalo lotere, ngakhale kuti tili ndi opalasa amphamvu ndipo dziko lathu linatumizapo anyamata a njinga ku Olympic m'zaka za 1972, 1984 ndi 1988.

Pamsewu wa bwalolo pali mizere yopaka penti imene imazungulira ponseponse. M'munsi mwenimweni muli lamba wamtundu wa mtambo, amene ndi malire a bwalo. Pamwamba pake pali mzere wakuda, pamene amayezera kutalika kwa bwalo, ndipo ndi njira yaifupi kwambiri. Kenako pali wofiira: munthu akakhala pakati pa wakuda ndi wofiira pa liwiro lomaliza, njira imeneyo ndi yake, wofuna kumupitirira azungulire kumtunda. Chapakati pali mzere wabuluu, umene pa nthawi yokonzekera umalekanitsa othamanga kwambiri ndi amene akupumako.

Koma chimene chinandiumitsa pakamwa ndi njinga yake. Ilibe mabuleki. Ilibe magiya osintha. Ilibe belu, keliyala kapena madigadi. Choopsa kwambiri n'chakuti ilibe kachitsulo kakumbuyo kamene kamalira kuti tchetchetche ukasiya kupalasa potsetsereka. Tcheni ndi tayala lakumbuyo n'zomangana, moti tayala likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira. Kusiya kupalasa sikutheka. Ndipo mapazi ako amawamangirira ku mapedulo.

"Nanga wakuba anabera mabuleki okhaokha pa njinga zonsezi?" ndinafunsa.

Mnyamata anaseka. "Ayi amalume, ndi mmene amazipangira. Anthu amathamanga atatsatana pafupi kwambiri, tayala ndi tayala. Mmodzi atagwira buleki mwadzidzidzi, onse akumbuyo angamugwere. Popanda mabuleki palibe amene angaime modzidzimutsa anzake."

Anandiuzanso chifukwa chimene amatsatanira choncho. Wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo, ndipo wobisala kumbuyo kwake amapulumutsa mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wakutsogoloyo akatopa amakwera kumtunda pa kona, anzake n'kudutsa m'munsi, iye n'kutsikira kumapeto kwa mzere. Ndinawaonerera anyamata ndi atsikana asanu ndi mmodzi akuchita zimenezi mosinthana, popanda wolankhula, ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi.

Maulendo asanu ndi awiri

Sindinapite kumeneko kuti ndikakwere. Koma mkulu wina wa imvi amene ankaphunzitsa achinyamatawo atamva kuti ndine malume wa mnyamatayu, ndiponso kuti ndapalasa njinga moyo wanga wonse, anandiloza njinga ina imene inatsamira pachitsulo. Anayamba wafunsa ngati ndili ndi matenda a mtima. Ndinamuuza za BP ndi kuti mankhwala ndamwa. Anati ndiyende pang'onopang'ono, m'munsi mokha, pamene anzathu apuma, ndipo ndikamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire nditsike.

Malamulo anali anayi, ndipo mnyamata ankanditanthauzira. Osasiya kupalasa. Osayang'ana tayala lakutsogolo, yang'ana kumene ukupita. Usanasinthe njira, cheuka kaye. Ukafuna kuima, limbana ndi mapedulo pang'onopang'ono mpaka liwiro lithe, kenako ugwire chitsulo cha m'mbali.

Ndinavomera monyada. Mumtima ndinkati, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kupalasa pabwalo la sukulu lero akundipatsa malamulo?

Anandiveka chipewa, anamanga mapazi anga ndi malamba, anandikankha. Njingayo inali yopepuka ngati bango. Ndinazungulira kamodzi pathyathyathya pa m'munsi, manja akufunafuna mabuleki amene kulibe. Ulendo wachiwiri ndinakwera pa mzere wakuda. Pa kona yoyamba thupi langa lonse linakana. Maso ankandiuza kuti nditerereka, ndipo nzeru za m'mudzi zinkati chepetsa liwiro. Kumbuyo ndinamva mawu a mnyamata: "Pondani, amalume! Pondani!"

Apa m'pamene pali chinsinsi cha bwalolo. Mwana akamanga chingwe ku kachitini ka madzi n'kumazunguza mwamphamvu, madzi satayika ngakhale kachitiniko kazondoke. Akazunguza mwaulesi, madzi amamukhuthukira. N'chimodzimodzi pa kona ya velodrome. Liwiro limakukanikiza pa khoma lopendekeralo, matayala n'kugwira bwino. Woyenda mwamantha ndiye amene ali pangozi, chifukwa njinga yake imaimirira, pedulo yakumanja imatha kugunda simenti, kapena tayala kuterereka. Ndinaponda. Njinga inapendekera yokha, kona inandinyamula n'kukanditula pa msewu wowongoka, ndipo ndinamva ndikuseka mokweza ngati mwana.

Ulendo wachinayi ndinaiwala lamulo loyamba. Nditamaliza kona ndinati ndipumeko monga timachitira potsika ku Fort Lister, ndipo ndinaumitsa miyendo. Mapedulo sanandimvere. Anandikankha m'mwamba, matako anachoka pachishalo, njinga inagwedezeka uku ndi uku. Ndi chisomo chokha kuti miyendo inayambanso kuzungulira ndisanagwe. Wolakwa anali ine, poti anandiuza kawiri konse.

Ndinazungulira kasanu ndi kawiri. Pamene ndinagwira chitsulo cha m'mbali ndinali kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, malaya atanyowa, miyendo ikunjenjemera. Sindinathe kulankhula kwa mphindi zingapo. Mtunda wonsewo sunafike ngakhale makilomita 4. Ine amene ndinkapita ku Chitakale ndi kubwerako tsiku lomwelo ndi katundu pa keliyala. Mnyamata anandipatsa botolo la madzi osanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kwakeko kunandilasa kuposa mawu onse amene ndinamukonzera m'basi.

Madzulo ake anandionetsa pafoni anthu a masewerawa. Filippo Ganna wa ku Italy anapalasa makilomita 56.792 pa ola limodzi pa bwalo la Grenchen ku Switzerland pa 8 Okutobala 2022, mtunda woposa wochoka pa boma la Phalombe kukafika pa Chitakale. Vittoria Bussi, wa ku Italy komweko, anakhala mayi woyamba kupitirira makilomita 50 pa ola mu 2023. Koma amene anandigwira mtima ndi Ese Ukpeseraye wa ku Nigeria, amene pa Olympic ya ku Paris mu 2024 analibe njinga ya pa velodrome mpaka timu ya Germany inamubwereka. Ndinati uyu ndiye wathu, vuto lake ndi la kwathu lomwe.

Nkhani ya Sabata ndi ya ndalama

Kutopa sikunandiiwalitse chimene ndinabwerera. Ndinamukumbutsa kuti Mayi Ellen G. White analembapo za njinga. Mu 1894, ali ku Australia, analembera abale a ku Battle Creek kuwadzudzula chifukwa cha misala ya njinga imene inagwira mzindawo, ndipo uthengawo uli m'buku lachisanu ndi chitatu la Testimonies for the Church. Pamene ndinkanyamuka kumudzi ndinkauona uthengawu ngati chikwapu chokwanira.

Titaukambirana bwinobwino, tinaona chimene ankadzudzula. Nthawi imeneyo njinga inali chinthu chamtengo wapatali, cha anthu ofuna kuoneka. Abale ankathira ndalama zambiri pogula njinga kuti asatsalire pa anzawo, ena n'kumapikisana kuti wopambana ndani, pamene ntchito ya Mulungu ndi anthu osauka zinkasowa thandizo. Vuto linali mtima wodzionetsera ndi kumwaza chuma. Patapita zaka njinga inatsika mtengo n'kukhala chida cha ntchito, ndipo mpingo womwewo wafalitsa uthenga m'midzi ya Malawi pa njinga. Mayi White yemweyo analemba zambiri zolimbikitsa kugwiritsa ntchito thupi panja pa mpweya wabwino.

"Ndiye uthengawu ukukukhudza kapena ayi?" ndinamufunsa.

"Ukundikhudza, amalume. Pa nsapato zija ukundikhudza. Alongo anga anabwezedwa kusukulu ine ndili ndi nsapato zatsopano."

Nkhani ya Sabata anaiyamba yekha. Mipikisano yambiri ikuluikulu imachitika kumapeto kwa mlungu. Miyezi ingapo m'mbuyomo anamusankha kuti akapikisane nawo, koma tsiku lake linagwa Loweruka. Anakana. Bwana wake, amene anamubwereka njinga, sanasangalale, ndipo kwa masiku angapo moni ankayankha ndi mutu. Mnyamata ankaopa kuti ntchito ithera pomwepo. Sinathe, koma anandiuza mosabisa kuti mayeserowo adzabweranso, ndipo akamathamanga bwino m'pamene adzakulirekulire.

Ndinamuuza za Major Taylor, munthu wakuda wa ku America amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa mjaha wa pa velodrome mu 1899 ku Montreal. Iye anali wa mpingo wa Baptist, ndipo tsiku limene ankalilemekeza linali loyamba la mlungu. Kwa zaka zambiri ankakana kupikisana pa tsikulo, ngakhale pamene a ku Ulaya ankamulonjeza ndalama zochuluka. Ngati munthu amene ankasalidwa chifukwa cha khungu lake, amene ankafunikira ndalama iliyonse, anatha kuika malire chifukwa cha chikumbumtima, ife amene timadziwa lamulo lachinayi tilibe chonamizira.

Tinapangana zinthu zitatu. Ndalama za kumudzi ndi chakhumi zizipatulidwa tsiku lolandira malipiro, za njinga zizichokera pa zotsala. Pa Sabata njinga izikhala pakhoma, kaya mpikisano ndi wotani. Ndipo zikavuta azinena, osazimitsa foni. Usiku womwewo anaimbira mayi ake n'kupepesa. Ndinatuluka panja kuti alankhule momasuka.

Sindinamuletse kupalasa. Ndinaona anyamata ambiri a kwathu kumeneko amene tsiku lawo lopuma limathera m'mashabini ndi pa njuga za pafoni. Uyu amagona msanga, samwa mowa, sasuta, amamwa madzi ambiri ndipo amadya nyemba, mtedza ndi masamba chifukwa akudziwa kuti mawa miyendo idzamufunsa. Paulo, polembera Akorinto, anatenga chitsanzo cha othamanga pa mjaha pophunzitsa za kudziletsa, n'kuwakumbutsa kuti mphoto ya othamangawo ndi yosakhalitsa. Mbali zonse ziwiri za phunzirolo mnyamatayu akuzifuna.

Kubwerera ku chishalo

M'basi pobwerera ndinalibe mawu onolera wina aliyense. Ndinkangoganiza za maulendo asanu ndi awiri aja. Timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo timanyadira kuti sitidya nkhumba, sitisuta fodya, sitimwa mowa. Koma kachisi amawonongekanso ndi kungokhala. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa salira belu. Amangoonekera tsiku limene munthu wagwa, mbali imodzi itafa ziwalo.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, pa mlingo woti mtima ukugunda mofulumirirapo koma akutha kulankhula. Ana ndi achinyamata amafunika mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 30 kwa masiku 5 zakwana kale 150, Sabata osalikhudza. Kupalasa kumalimbitsa mtima ndi mapapo, kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, kumatsitsa BP, ndipo sikupweteka maondo ngati kuthamanga pansi.

Amene amalima ndi khasu, kutunga madzi kapena kupalasa kabaza tsiku lonse mlingo umenewu amaupitirira kale. Iwowa chimene akusowa ndi chakudya chokwanira, madzi akumwa ndi kupuma. Uthengawu ukupita kwa ife amene tinakwera pang'ono: aphunzitsi, a m'maofesi, a magolosale, abusa ndi akulu a mpingo amene tinasinthanitsa njinga yakapalasa ndi yamoto n'kumati ndi madalitso.

Kwa amene akufuna kuyambiranso, nazi zimene zandithandiza. Yambani mwakayezetsa BP ndi shuga kuchipatala, makamaka ngati mwapitirira zaka 40 kapena mwakhala nthawi yaitali osachita kanthu. Amene muli pa mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kupalasa, wosintha mankhwala ndi dokotala. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15 pamalo athyathyathya, muziwonjezera pang'onopang'ono mlungu uliwonse. Palasani m'mawa kapena madzulo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo tengani madzi. Kwezani chishalo kuti bondo lizitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi, chifukwa chishalo chotsika chimapweteka maondo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka, imani n'kupita kuchipatala. Mchere nawo uchepe: WHO imati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi yosadzaza.

Ndipo anyamata a kabaza musamve molakwa nkhani ya njinga yopanda mabuleki. Imeneyo ndi ya m'bwalo lotsekedwa, mmene mulibe galimoto kapena mwana wodumpha msewu. Pa msewu wa Migowi ndi Chitakale, kuimitsa njinga ndi chidendene cha patapata ndi kusewera ndi moyo wanu ndi wa amene mwamunyamula. Mabuleki onse awiri azigwira, kutsogolo kukhale nyali, kumbuyo chonyezimira, ndipo yendani kumanzere. Chipewa cha kumutu n'chodula, koma mutu ulibe sipeya.

Nditafika kunyumba, mlongo wanga anabwera m'mamawa kudzamva. Ndinamuuza zonse, za nsapato ndi za Sabata lomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye achimwene, mwamuletsa?" Ndinati ayi. Sanakondwe kwenikweni, ndipo anati aona mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndalama zinafika, atsikana anabwerera kusukulu. Koma mpaka lero mpikisano ukamayandikira amabwera kudzandiuza kuti ndimuimbire foni mwana.

Tsiku lomwelo ndinatsitsa njinga yakapalasa m'nyumba ya makasu ija n'kuikankha mpaka kwa wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Migowi. Anasintha machubu, masipoko atatu ndi mphira za mabuleki, tcheni n'kuthira oyilo. Anthu ena atandiona ndikupalasa anafunsa mayi a kunyumba ngati njinga yamoto tagulitsa chifukwa cha ngongole. Mlungu woyamba ndinkabwerera pa mlatho wapafupi ndili wefuwefu. Tsopano ndimapalasa mphindi 40 m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, ndipo abambo atatu a mumpingo mwathu ayamba kunditsatira. Timasinthana kutsogolo mphepo ikamawomba kuchokera ku Michesi, monga ndinaonera ku Joni. Lamba wabwerera chibowo chimodzi. Mwezi wathawu BP inali pa 138/86, ndipo adokotala anati ndipitirize zonse ziwiri, mankhwala ndi njinga.

Mnyamata anaimba foni Lamulungu lapitali kufunsa ngati ndikupalasabe. Ndinamuuza kuti ndikadzabweranso ndidzazungulira ka 20. Anaseka n'kunena kuti, "Tidzaona, amalume. Koma musadzaumitsenso miyendo."